Yotamu Wang'oma ndi Maso a Nkhono

Ana inu, mwambi umayenda ngati mbewu ya maungu. Umangoona wamera kuseri kwa nyumba yako, osadziwa kuti unachokera m'munda wa yani. N'chifukwa chake mukafunsa akuluakulu kumene kunachokera mwambi wa maso a nkhono, aliyense aloza kwawo. Ine ndiloza kwathu, ndipo amene akufuna kunditsutsa ayambe wadikira ndimalize, pakuti nkhani yakenso ndi ya kudikira komweko.

Kumapiri a ku Dowa, m'mudzi wa Kalinde, kunali bambo wina dzina lake Yotamu Chadzala. Iyeyu ndiye ankaimba ng'oma yaikulu m'gulu la mganda lotchedwa Mphezi. Mganda mukuudziwa, gule uja amuna amavina ali m'mizere, atavala makabudula oyera ndi masokosi ofika m'mawondo, uku akuliza mabadza, malipenga aja a zikho. Ovina akhoza kutchena mmene angathere, koma ng'oma ikazizira, gule yense amazizira. Ya Yotamu sinkazizira. Ikalira, amayi ankasiya mitsuko pachitsime, ndipo ngakhale ankhoswe ankaimitsa nkhani ya banja kuti akayambe aonerera.

Chilema chake chinali chimodzi, phuma. Munthuyo sankadziwa kudikira. Chimanga ankachichotsa pamoto mbali ina ili yaiwisi, tiyi ankamuwotcha lilime tsiku ndi tsiku, ndipo kutchalitchi ankayankha "Ameni" abusa akadali pakati pa pemphero. Mkazi wake, Nangondo, ankangopukusa mutu n'kumati, "Bambo awa anabadwa azamba asanasambe m'manja."

Ng'omayo Yotamu anailandira kwa amalume ake, a Sandikonda. Pa unyamata wawo a Sandikonda anali katswiri woposa mphwawoyo. Koma dzanja lawo lamanja linayamba kuuma pamfundo, paja timamanga wotchi, pang'ono ndi pang'ono mpaka linakaniratu kupinda. Kamtengo koimbira ng'oma kanayamba kuwapulumuka, kenaka khasu, ndipo mapeto ake ngakhale kapu ya madzi ankaigwira ndi lamanzere. Mudzi wonse unkadziwa, kapena ndinene kuti unkaganiza kuti ukudziwa, amene anachita zimenezi. Ankaloza a gulu la Namondwe, a kutsidya kwa mtsinje, omwe ankapikisana ndi Mphezi chaka ndi chaka pa Nyuwere, chikondwerero cha chaka chatsopano. "Anawalodza chifukwa cha nsanje," anthu ankatero, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Chaka china, mvula yoyamba itagwa, Nyuwere ikununkhira, Yotamu anapita kumsika kukagula chikopa chatsopano cha ng'oma. Pobwerera anatsika chitunda cha Kalinde panjinga monga mwa masiku onse, mabuleki osawakhudza ngati ndi a wina. Koma matope a mvula yoyamba saona nkhope. Tayala linaterereka, njinga inapita kwake, mwini wake kwake, ndipo pofuna kuteteza mutu anatsogoza dzanja lamanja n'kugwera pachikhatho. Atadzuka anayamba waona ngati chikopa chili bwino, kenaka njinga, dzanja pomaliza.

Panalibe bala, panalibe magazi, ndipo kutupa kwake kunali kochepa moti ukanati njuchi yangomuluma.

"Ndangobinya," anauza mkazi wake.

Nangondo anamuthowa ndi madzi otentha. Koma mawa lake kokonzekera gule, Yotamu atangomenya ng'oma kamodzi mwamphamvu, kamtengo kanauluka m'manja n'kukagwera m'udzu, iye atagwira dzanja, mano ali gwa. Amene anaona kamtengoko kakuuluka anakumbukira a Sandikonda. Nangondo sanafune kumva zambiri. Kutacha anamukweza mwamuna wake galimoto ya matola, ulendo wa kuchipatala chachikulu cha kuboma.

Kumeneko anakumana ndi dokotala wa mafupa, Mayi Kalumbu, munthu wamfupi wolankhula pang'onopang'ono ngati akusankha mpunga. Anagwira mkono wa Yotamu kuyambira pachigongono, n'kumatsika akusindikiza ndi chala.

"Apa pakupweteka?"

"Ayi."

"Nanga apa?"

"Ayinso. Ndinanena ine kuti ndangobinya. Tingapite, amayi?"

"Tatukulani chala chachikulu m'mwamba."

Atatukula, patsinde pa chalacho panaoneka kadzenje, kaja nkhalamba zina zimathiramo fodya wa mphuno. Inunso tukulani chanu muone, kalipo. Mayi Kalumbu anaikapo chala chawo n'kusindikiza pang'ono chabe.

"Mayo ine!" Yotamu anadumpha pampando, chipewa n'kugwa.

"Mukajambulitse ekisireyi," anatero adokotalawo, osadabwa n'komwe.

Ekisireyi ndi makina aja kuwala kwake kumapyola mnofu n'kujambula mafupa m'kati, munthu osamva kanthu. Wojambulayo anagoneka dzanja la Yotamu pakathabwa kozizira, choyamba chikhatho pansi, kenaka cham'mbali, kenaka chopendeka ngati munthu wagwira kapu, ndipo anajambulanso mkono mpaka pachigongono. Nthawi iliyonse ankati, "Musagwedezeke," n'kuthawira kuseri kwa kakhoma.

"Kodi muyamba liti, achimwene?" anafunsa Yotamu.

"Tamaliza kale, bambo."

Yotamu anawakonda makinawo ndi mtima wonse. Chibadwire anali asanaone chinthu chofulumira kuposa iye.

Masiku amenewo chithunzi chinkatuluka papulasitiki yakuda, ndipo wodwala ankapatsidwa kuti apite nacho kwawo. Mayi Kalumbu anachipachika pakabokosi kowala kamene kanali pakhoma. Mafupa awiri aatali a mkono anaoneka oyera, owongoka, opanda banga. Pamfundo panali timafupa ting'onoting'ono tounjikana ngati timiyala ta mumtsinje, ndipo tonse tinkaoneka tamphumphu.

"Mng'alu sindikuuona," anatero Mayi Kalumbu.

Yotamu n'kuti ataimirira kale, chipewa kumutu.

"Khalani pansi, bambo Chadzala. Tikuikani chikhakha."

"Chikhakha? Padzanja losathyoka? Amayi, chithunzi chanu chomwe chandichitira umboni!"

"Chithunzi sichinama, koma nthawi zina chimafika nthawi isanakwane. Pansi pa kadzenje kaja pali kafupa kamodzi kodziwa kubisa matenda. Kakang'aluka, masiku oyamba milomo ya mng'alu imakhala yogwirana kwambiri moti makina saiona. Pakatha masabata awiri, thupi likayamba kukonza pamalopo, mng'alu umatseguka pang'ono n'kuonekera. Mudzabwere nthawi imeneyo tidzajambulenso. Tikadzapeza mulibe kanthu, chikhakha ndidzachotsa ndi manja angawa, n'kukupepesani."

"Nanga atapanda kuvala, adokotala?" anafunsa Nangondo.

"Kafupa kameneka magazi amakalowera mbali imodzi yokha. Mukamakagwedeza kali kong'aluka sikalumikizana, ndipo chidutswa chinacho chimafa ndi njala. Choipa chake n'chakuti ululu umayamba watha, munthu n'kumati wachira. Zaka zikamapita dzanja limauma, osapindanso."

Mawu amenewa Yotamu anangomudutsa pamwamba, chifukwa mutu wake unali ku Nyuwere. Koma Nangondo anawamva ndi makutu onse awiri, n'kuwamanga pansonga ya chitenje. Anabwerera kumudzi dzanja lili mbuu, chikhakha chitayambira pansi pa chigongono mpaka kukulunga chala chachikulu.

Tsono muyenera kudziwa kuti gulu la mganda limakhala ndi maudindo ake. Pamakhala kingi, pamakhala kaputeni, pamakhalanso dokotala. Dokotala wa mganda ntchito yake n'kuyenda pakati pa mizere atavala chijasi choyera, kupukuta ovina thukuta ndi kuyerekeza kuwayeza mtima kuti oonerera aseke. Wa gulu la Mphezi anali Bizaliyele, mwana wa a Sandikonda, kutanthauza kuti msuweni wake wa Yotamu. Choyezera chake chinali chubu cha njinga chomangirira chitsekero cha botolo kunsonga. Vuto linali lakuti anavala chijasicho zaka zambiri, mpaka iye mwini ndi anzake omwe anayamba kuiwala kuti n'chamasewera.

Gulu lonse linasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Bizaliyele anavala chijasi, natenga chithunzi chija n'kuchilozetsa kudzuwa, diso limodzi atatsinzina.

"Anthuni, onani nokha," anatero. "Fupa ili n'lamphumphu, linali n'lamphumphu, timiyala iti tonse tili m'malo mwake. Adokotala anzanga a kuboma angokonda kumata anthu. Komanso ndani akudziwa kwawo kwa mayi ameneyo? Mwina ali ndi m'bale ku Namondwe. Bambo anga anawalodza ndi zitsamba, lero msuweni wanga akumulodza ndi simenti yoyera!"

Chithunzi chinayenda dzanja ndi dzanja. Ena anachigwira chozondoka, koma onse anagwirizana kuti mulibe kanthu. Ndipo kunena zoona, ana inu, sankanama. Zimene ankaona ndi zimenenso Mayi Kalumbu anaona. Kusiyana kwake kunali kwakuti a m'guluwo ankaganiza kuti chimene diso silinaone ndiye kuti kulibe.

Masiku otsatira anali owawa kwa Yotamu. Ng'oma anaipereka kwa munthu wina wa m'gulu, ndipo inkalira ngati akusinja chimanga chonyowa. Yotamu ankaimvera ali pakhonde, akutembenukatembenuka ngati wakhalira linthumbu. Ululu m'kati mwa chikhakha unatha, n'kutsala kuyabwa kokha, komwe ankakukanda ndi kaudzu. Sabata itatha, a kingi anatumiza mawu akuti ngati dzanja lasiya kupweteka, chikhakha chichoke, chifukwa a Namondwe amva kale ndipo ayamba kunola nyimbo zachipongwe.

M'mawa wina mvula itangokata, Bizaliyele anafika ndi ndowa ya madzi ofunda ndi mpeni. Anasankha nthawi imene Nangondo anali kumunda, ndipo anakabisala kuseri kwa nyumba, pakati pa nthochi. Tsoka lake, Nangondo anali ataiwala mbewu ya mtedza. Anabwerera, matope mpaka m'mawondo, n'kupeza mwamuna wake atanjuta, mkono uli pamwamba pa ndowa.

Sanakalipe. Anaika khasu pansi n'kukhala pamtondo umene unali chigonere pamenepo.

"Pitirizani, bambo," anatero. "Dzanja ndi lanu. Langa ndi khasu ili, lomwe ndidzalime nalo ndekha mpaka ukalamba, ngati amayi ake a Bizaliyeleyu."

"Alamu, musalowetse zachisoni pankhani ya chipatala," anayankha Bizaliyele. "Chithunzi tachiyeza ife. Mulibe kanthu."

Nangondo anatembenukira kwa mwamuna wake. Analoza pathunthu la nthochi, pamene nkhono yaikulu inkakwawa ikusiya kanjira konyezimira.

"Bambo, inu mwaona zambiri pamoyo wanu. Kodi nkhono ili ndi maso?"

"Nkhono ilibe maso," anatero Yotamu msangamsanga. "Ili ndi nyanga basi. Ndi mwana yemwe amadziwa."

"Tayang'anani bwino."

Yotamu anaithothola ndi dzanja lamanzere n'kuibweretsa pafupi ndi mphuno. Nkhono inalowa yonse m'chigoba, n'kusiya thovu lokha pakhomo.

"Mwaona? Maso ake ali kuti?"

"Ibwezereni patsamba, ndipo mungokhala phee. Mukaidikira n'kupeza kuti ilibedi maso, mpeniwo ndigwira ndine, ndikuchotsereni chikhakha."

Yotamu mpikisano sankaukana, ungakhale wa mtundu wanji. Anaika nkhono patsamba la nthochi n'kukhala pansi. Nkhono inangoti zii. Mwendo wa Yotamu unayamba kunjenjemera wokha, iye n'kuugwira. Ntchentche inatera pamphuno pake, iye n'kuipirira. Bizaliyele anatsokomola n'kunena kuti madzi akuzizira. Yotamu anatola kaudzu kuti aitokose nkhonoyo ifulumire.

"Mukaikhudza tiyambiranso," anatero Nangondo.

Anataya kaudzu. Kwa nthawi yoyamba pamoyo wake, Yotamu Chadzala anakhala chete popanda womumanga. Anamva madontho akugwa kuchokera m'masamba, anamva nkhuku ikutetera kwa anansi, anamva ndi kupuma kwake komwe. Ndipo chigoba chinagwedezeka. Munatuluka mnofu wotuwa, kenaka kamutu, kenaka tinyanga tiwiri tatifupi. Pamwamba pake tinayamba kutuluka tina tiwiri tatitali, pang'onopang'ono, mpaka tinawongoka. Kunsonga kwa kanyanga kalikonse kunali kadontho kakuda ngati njere ya bonongwe. Yotamu anayendetsa chala chake patsogolo mosakhudza, ndipo tinyanga tija tinapendekera kumbali.

"Ikundiona," ananong'ona. Anadabwa kwambiri, pakuti nkhono anakula nazo, ankaziponda ndi kuzikankha ndi phazi, koma maso ake anali asanawaonepo.

"Nanga mutaithothola muja inalibe maso?" anafunsa Nangondo.

"Inali nawo. Inangowabisa."

Atanena mawu amenewa anayang'ana chikhakha chake. Mawu a Mayi Kalumbu, aja anamudutsa pamwamba, anabwerera onse n'kumulowa m'mutu. Kafupa kodziwa kubisa matenda. Ululu umayamba watha. Yotamu anachita mantha, mantha enieni, chifukwa anadziona atakhala pambali pa bwalo zaka zonse zotsala, wina akuimba ng'oma yake. Ananyamula ndowa ndi dzanja lamanzere n'kukhuthulira madzi onse patsinde pa nthochi.

"Msuweni, kawauze a kingi kuti ndidikira."

"Ha! Mphezi yagonja kwa nkhono!" anafuula Bizaliyele. "Chabwino. Tsiku lojambulanso ndipita nawo, chijasi changa chili pathupi. Ndikufuna mayi ameneyo akapepese pamaso panga."

Anthu a m'gulu anamunena Yotamu mpaka makutu kutentha. Ena ankati mkazi anamudyetsa khuzumule, ena ankati wagulidwa ndi a Namondwe. Iye ankangopita kuseri kwa nyumba kukakhala ndi nkhono zake.

Masabata awiri atakwana ananyamuka onse atatu, Bizaliyele atatchena chijasi ndi chubu chake m'khosi. Kuchipatala anachotsa chikhakha mosamala, najambulanso dzanja monga poyamba. Mayi Kalumbu anapachika zithunzi ziwiri pakabokosi kowala, chakale kumanzere, chatsopano kumanja, n'kuyamba kuyang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali. Nangondo anadikira kuti mwamuna wake afunse ngati angapite, koma Yotamu anangokhala duu, manja pamwendo.

Amene analephera kupirira anali Bizaliyele. "Ndi chimodzimodzi! Ndinanena ine!"

Mayi Kalumbu anatembenuka n'kuona chijasi ndi chitsekero cha botolo. Sanaseke, ngakhale milomo inkafuna.

"Adokotala anzanga, tabwerani pafupi tithandizane," anatero, namupatsa galasi lokuzira zinthu. "Musathamange. Yang'anani kafupa aka, kali patsinde pa chala chachikulu, kooneka ngati njere ya nyemba. Yambani chakale, kenaka chatsopano."

Bizaliyele anayang'ana chakale, nagwedeza mutu monyada. Anayang'ana chatsopano, ndipo mutu unasiya kugwedezeka. Anapukuta galasi ndi chijasi n'kuyang'ananso. Kenaka analipereka kwa msuweni wake.

Yotamu anaika diso pagalasi. Poyamba anangoona kuyera. Anadikira, monga anaidikirira nkhono ija, mpaka diso linazolowera. Ndipo anauona. Pakati penipeni pa kafupako panadutsa kamzere kakuda, kowonda ngati tsitsi limodzi, kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Pachithunzi chakale pamalo omwewo panali poyera.

"Lathyoka!" anafuula. "Nangondo, lathyokadi! Taonani, ndi apa!"

Anaseka mpaka misozi, Nangondo n'kuimba nthungululu m'chipinda momwemo. Odwala amene anali pamzere panja anasuzumira pakhomo, chifukwa chibadwire anali asanaone munthu akusangalala kuti wathyoka. Koma Yotamu ankadziwa chimene ankasekera. Mdani amene akanamudya dzanja mwakachetechete anali atagwidwa asanayambe n'komwe.

"Zidutswa sizinasunthe," anatero Mayi Kalumbu, "ndipo chaziteteza ndi chikhakha chija munasunga. Kafupaka kalumikizana, koma kamafuna miyezi. Nyuwere ya chaka chino muiwale, bambo Chadzala."

Yotamu anatambasula mkono. "Matani, amayi. Matani bwinobwino."

Atafika kumudzi, a Sandikonda anaitanitsa zithunzi zija. Anakhala pakhonde pawo, Yotamu akuwalozera kamzere kaja padzuwa ndi kuwafotokozera zonse zimene adokotala ananena, za magazi olowera mbali imodzi, za ululu umene umayamba watha. Nkhalambayo inamvetsera mpaka kumapeto.

"Unati panapweteka pati, mphwanga?"

"Pakadzenje ka fodya, amalume."

A Sandikonda anatukula chala chachikulu cha dzanja lawo louma lija, n'kuika chala cha lamanzere pakadzenjepo. 

"Ine ndinagwa padenga la nkhokwe ndikufolera," anatero motsitsa mawu. "Ndinagwera pachikhatho. Panapweteka pomwepa, koma panalibe bala, ndiye mawa lake ndinakaimba ng'oma. Ululu unatha, ine n'kuiwala. Zaka zonsezi ndakhala ndikudana ndi anthu a kutsidya, moni osawayankha, pamene chondilodza chinali denga la nkhokwe yanga yomwe."

Palibe anaseka. Bizaliyele anavula chubu chija m'khosi n'kuchipinda, misozi ikulengeza, chifukwa anazindikira kuti anatsala pang'ono kumupatsa msuweni wake dzanja la bambo ake. Kuyambira tsiku limenelo chijasi ankachivala pabwalo la gule pokha.

Nyuwere inafika, ndipo sindikubisirani, Mphezi inagonja. Pa mganda wopambana amadziwika ndi kumene khamu la oonerera lakhamukira, ndipo tsiku limenelo linakhamukira ku Namondwe ndi ana omwe. A kutsidyawo anaimba nyimbo yawo imene ananola ija:

Ng'oma ya Mphezi yavala chikhakha,
Mwini wake akuweta nkhono!

Yotamu anaimva yonse ataima pambali, mkono uli pachifuwa. Zinamuwawa, koma sanachoke, ndipo gule atatha anapita kukawagwira chanza ndi lamanzere. A Sandikonda nawo anawoloka bwalo n'kupereka moni kwa nkhalamba za ku Namondwe, zomwe zinangoti kukamwa yasa.

Chimanga chinamasula, chinakhwima, chinayamba kuuma. Yotamu anapitanso kukajambulitsa, ndipo ulendo uno kamzere kaja sikanapezeke, ngakhale ndi galasi. Mayi Kalumbu anayang'ana mbali zonse, anasindikiza pakadzenje paja, Yotamu osadumpha. Atachotsa chikhakha, mkono unatuluka wowonda ndi wotuwa ngati chinangwa chosenda. Anamuuza kuti ayambe ndi kufinya kampira, kenaka kupinda dzanja pang'onopang'ono, ng'oma ibwere pomaliza. Yotamu wakale akanayambira kung'oma. Uyu anayambira kukampira.

Anthu atakolola, a Namondwe anaitana Mphezi kwawo kuti akaichititsenso manyazi. Bwalo linadzaza, ena atakwera m'mitengo. A Namondwe anayamba, ndipo anavina bwino, khamu lonse lili kwawo. Mbali ina ya bwalo a Mphezi anandanda m'mizere, mabadza pakamwa, maso onse kwa Yotamu. Kaputeni analiza wezulo.

Yotamu sanamenye. Anakweza kamtengo m'mwamba n'kukasiya pomwepo. Anthu amene anali pafupi anatembenuka kuti aone chavuta n'chiyani. Anzawo ataona iwo atembenuka, anatembenukanso. Phokoso linayamba kutsika, mpaka bwalo lonse linali kuyang'ana dzanja limodzi lili m'mwamba. Pamenepo ndiye analitsitsa. Ng'oma inalira kamodzi, mozama, anthu n'kuimva m'mimba. Anadikiranso. Inalira kachiwiri. Kenaka anaimasula yonse, mabadza n'kulandira, mizere n'kunyamuka ngati munthu mmodzi, fumbi koboo.

Ng'oma imeneyo anthu anali asanaimvepo. Kale Yotamu ankathamangitsa ovina mpaka kupunthwa, koma tsopano ankadziwa pogwira ndi potaya. Khamu linasweka kuchoka ku Namondwe. Amayi anathamanga ndi mipango kukapukuta ovina, ogulitsa zitumbuwa anasiya malichero, ndipo pomaliza woimba ng'oma wa Namondwe yemwe anaika kamtengo pansi n'kubwera kudzaonerera. Dzanja la Yotamu linapinda, linawongoka, linazungulira, kamtengo kali gwa m'chikhatho mpaka nyimbo yomaliza.

Gule atatha, a Sandikonda anadutsa pakati pa anthu, nagwira dzanja lamanja la mphwawo ndi lamanzere lawo n'kulikweza m'mwamba kuti onse alione. Nkhalambayo inkalira poyera, osabisa nkhope.

"Ili lapulumuka!" inafuula. "Langa linapita, koma ili lapulumuka!"

Kingi wa Namondwe anafika pafupi, thukuta lili kamukamu. "Achimwene, tiuzeni chilungamo. Mwatemera mankhwala anji padzanja limeneli?"

Yotamu anayang'ana Nangondo, yemwe anaima kumbuyo, mpango m'manja, akumwetulira.

"Mankhwala ake ali kuseri kwa nyumba yanga, pathunthu la nthochi," anayankha. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mawu amenewo anawoloka mtsinje tsiku lomwelo pamodzi ndi anthu obwerera kwawo, ndipo kwathu timati ndi mmene mwambiwu unayambira kuyenda.

Tanthauzo lake, ana inu, ndi ili. Pali zinthu zimene zilipo ndithu koma sizionekera kwa munthu waphuma. Ukazithothola ndi kuzigwedeza zimabisala, iwe n'kumalumbira kuti kulibe. Choonadi cha nkhani, mtima wa munthu, luso la ntchito, ngakhale mng'alu wa kafupa, zonsezi zili ndi nthawi yake yotulutsa maso. Kudekha si ulesi, ndiponso si mantha. Yotamu anataya Nyuwere imodzi, koma anaimba ng'oma mpaka imvi, pamene amalume ake anathamangira gule wa tsiku limodzi n'kutaya dzanja la moyo wonse. Tsono wina wodziwa ntchito yake akakuuzani kuti dikirani tidzaonenso, musathamangire ndowa ndi mpeni. Khalani pansi, gwirani mwendo wonjenjemerawo, ndipo kumbukirani kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.